Magazi Ochokera pa Windo

Ndikukumbukira Loweruka limene a mpingo wathu anachita hayala basi ku Edgbaston, kudziko la azungu kumene tinkakhala, kuti tikaone nyumba yakale ya mabwana kufupi ndi Telford. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditavala diresi loyera. Amayi anavala chitenje chobiriwira chimene agogo anawapatsa tsiku lonyamuka ku Malawi. Chitenje chimenechi sankalola munthu kuchikhudza, ndipo m'makina ochapira sichinkalowa.

Kuseri kwa nyumbayo kunali katchalitchi kozizira, konunkhira makandulo ndi matabwa akale. Mawindo ake anali a magalasi amitundumitundu, oikidwa m'ma 1800. Gogo wachizungu wotionetsa malo anayamba kulongosola windo lililonse, ine kuyasamula kokhakokha. Kenako dzuwa linawala. Mkanjo wofiira wa m'busa wojambulidwa pawindo unaunikira pansi kuti psuu, ngati pophera mbuzi.

Satana sachedwa. Ndinakagona chagada pomwepo, kufiirako kunayenderera kuyambira pakhosi mpaka pamimba, ine n'kubuula pang'ono.

Ndinaiwala chinthu chimodzi: theka la anthu a m'basi ija anali manesi. Mzungu asanamalize mawu ake, iwo anali atandizinga kale. Wina anandigwira pamkono, wina anandikweza miyendo, Anti aNabanda, nesi mnzawo wa amayi wa ku wadi ya kuchipatala, akulamula kuti, "Ikani presha pabalapo msanga." Kenako ndinamva nsalu ikulira kuti kwee. Amayi anali atang'amba chitenje chija ndi mano kuti amange bala.

Mtambo unaphimba dzuwa, magazi onse n'kuzimiririka.

"Mum, it was just the window," ndinatero chapansipansi.

"Ndaona," anayankha amayi. Pamaso pa azungu sakanandimenya. Anangondimanga chiduswacho pamkono, mfundo yolimba yaunesi, ndipo ndinayenda nacho mpaka kunyumba, basi yonse ikundifunsa kuti odwala akupezako bwanji.

Ndinaseka nawo. Koma m'mawa mwake ndinawapeza amayi akusoka mpendero pamene panang'ambika paja, misozi ikugwera pansalu. Agogo anali atatisiya chaka chapitacho, ndipo amayi kumaliro sanapite. Ndinachita manyazi kuposa mmene ndikanachitira akanandimenya.

Masiku ano chitenje umangoitanitsa pa foni, posakhalitsa chafika. Ndawagulira zambirimbiri, zina zodula ndithu, zonse zili m'sutikesi. Kutchalitchi amavalabe chobiriwira chija, chachifupi mbali imodzi, ndipo munthu akafunsa chinatani, amangoloza ine.