Nsalu ya pa wailesi ya bambo

Kwathu ku mapiri a ku Ntchisi chinthu chodula sichikhala pamtunda. Wailesi, kanema, ngakhale batire ya sola, zonse zimafunda nsalu poopa fumbi. Chaka china fodya atayenda bwino, bambo anagula wailesi ya makaseti ku Mponela, ndipo amayi anaisokera chofunda chochindikala, cha nsalu ziwiri, napetapo maluwa ofiira. Chinkaphimba pamwamba, kumbuyo ndi m'mbali, kungosiya kumaso. Ife ana tinkawaseka kuti wailesi ikutchena kuposa eni nyumba.

Amayi atamwalira, wailesiyo inatsala ndi ntchito imodzi, kuyimba kaseti ya kwaya ya amayi a kumpingo kwathu. Anaijambulira m'tchalitchi momwemo, ndipo nyimbo zambiri ankayambitsa ndi amayi anga. Pena ankamveka akutsokomola, kenako nkuuza anzawo kuti, "Tiyambirenso, mwatsitsa." Mawu awo sanatsale pena paliponse koma m'kasetimo. Bambo akaweruka kumunda ankaiyika, ikatha nkuitembenuza, ikatha nkuitembenuzanso, mpaka dzuwa kupendeka.

Mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, wailesi inangozima. Ine ndinkaphunzitsa ku Madisi, ndiye ndinapita kukaitenga nkupita nayo kwa wokonza mawailesi wina pakhonde la sitolo ku Mponela. Ataimasula anandionetsa kachipangizo kakuda kopserera, ndi kena kotupa ngati nyemba yonyika m'madzi.

"Imeneyi imakhala yofunda, eti amayi?" anandifunsa. Ndinavomera.

"Timabowo takumbuyoti ndi mopumira mwake. Mukatseka, imapsa m'kati. Zopsazi ndasintha, koma lamba woyendetsa kaseti wafewa, ndipo wina ndilibe. Makaseti akumvera ndani masiku ano? Ikamayimba muziivundukula."

Ndinabwerera kumudzi ndi uthengawo, ndili ndi mtima woti nkhani yatha. Bambo anaika wailesi pamalo pake, natenga chofunda chija nkuyamba kuiveka.

"Ababa, nsaluyo ndi imene ikupha wailesi."

"Nsalu imeneyi anaika ndi amako. Wa ku Mponelayo amawadziwa amako?"

"Akuti ikutseka mpweya."

"Zaka zonsezi imapuma bwanji?"

"Zaka zonsezi simunkayimba tsiku lonse."

Ndinaichotsa. Iwo anaibwezera, akuwongola m'makona ndi chikhatho monga ankachitira amayi. Makani ndinatengera kwa iwo omwewo, ndiye palibe anagonja. Ulendo uliwonse ndikafika, moni asanathe bwino, nkhani inali ya nsalu. Chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti ana awo tonse timayenda ndi mafoni ojambula mawu. Kukanangotengera kuika foni pafupi ndi sipika, basi. Koma maso athu onse anali pa nsalu, ena kumbali yanga, ena kumbali ya bambo.

Loweruka lina mvula isanagwe, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe, ndinali pakhonde ndikusenda mtedza, kaseti ikuyimba m'nyumba. Ndinamva mawu a amayi akuyamba kukoka, kunenepa ngati a mwamuna, kenako zii. Polowa ndinalandiridwa ndi fungo la labala wopsa. Bambo anali atatsegula kale kachitseko ka wailesi, akukoka kaseti. Lamba uja anali atasungunuka, ndipo tepi inali itakulungana m'kati, itamatirira ku zinthu zakuda zonanda. Ndisanati dikirani, inaduka.

Madzulo onse tinakhala awiriwiri patebulo, ine ndikuwongola tepi ndi chala nkuikulunga ndi bolopeni, iwo atagwira mbali inayo. Ndinalumikiza moduka ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo monga tinkachitira tili atsikana. Koma inali itakwinyika, itanyololoka, itadetsedwa malo ambiri. Nditaiyesa pa wailesi ya mnzanga ku Madisi, munkangomveka phokoso ngati la mvula pa malata, kenako inadukanso. Ndinawabwezera bambo choncho.

Wailesi ndiye inachira. Wokonza uja anapeza lamba m'wailesi ina yakufa, ndipo mpaka lero imagwira bwinobwino. Nditapita nayo kumudzi, bambo anaiika pamalo pake paja osaifunditsa kanthu. Ndinayang'ana uku ndi uku, chofunda osachiona. Anatsegula sutikesi yawo ya zovala za kutchalitchi, ndipo chinali mmenemo, atakulungamo kaseti yoduka ija.

"Mwaichotsa nsalu, ababa?"

"Ee," anatero akutseka sutikesi. "Unkanena zoona, mwana wanga."

Bambo anali asanandigonjerepo pa nkhani ina iliyonse chibadwire changa. Ndinatuluka nkukaima kuseri kwa chigafa cha fodya, ndikulira, ndikulakalaka akanandikanira monga kale, amayi akuyimba m'nyumbamo.