Ndinakuza Matenda

Ku kiliniki yathu ya ku komboni ya George, ukanena zoona umabwerera ndi timapilisi ta mutu. Tonse timadziwa kuti matenda umakuza. Mwana akatsegula m'mimba kawiri, umati kasanu. Mankhwala tinkawapeza choncho.

Korona itagwira amuna anga, anawatumiza ku chipatala chachikulu. Ine ndinkakhala panja pa geti, mwana kumsana, poti mkati sankalola. Tsiku lachinayi anandiitanira pakhonde. Ndinapeza dokotala wamkazi, nkhope yonse m'masiki, cholembera m'manja.

"Amai, bamuna banu benze bwanji bakalibe kudwala? Benze kusebenza nchito?"

Apongozi anga anali atandilangiza kale: "Bakakufunsa usakambe ati ni olimba. Bazamusiya."

Ndiye ndinakuza. Ndinati chifuwa n'chakale, amabanika chaka chonse, sayenda mtunda, bipi nayonso ilipo. Munthu amene ankakankha wilibala ya zigubu zisanu ndi chimodzi kuchoka pa kiyosiki ya madzi mpaka kumsika, tsiku lonse, ndinamusandutsa nkhalamba ndi pakamwa pangapa. Dokotala analemba zonse. Anati zikomo.

M'mawa mwake nesi wina anandinong'oneza pa geti. Makina opumitsa munthu, aja olowetsa paipi kukhosi, anali atatsala amodzi, owafuna awiri. Amapatsa amene thupi lake lingapirire, amene anali wolimba asanadwale. Anapatsa winayo.

Ndinamupeza dokotala uja akutuluka.

"Ba dokota, ninanama. Balibe bipi. Fufutani vamene munalemba."

"Amai, makina yali kale pa munthu. Sitingamuchose."

Anati anayang'ananso magazi ndi chithunzi cha mapapo, si mawu anga okha. Mwina. Nanga ankalemberanji?

Amuna anga anamwalira patapita masiku awiri.

Winayo sindimukwiyira, nayenso ali ndi ana ake. Apongozi ananena zimene tonse tikananena. Chimene chimandiwawa ndi funso lija. Inu achipatala, zaka zonse mwatiphunzitsa kuti wobuula kwambiri ndiye amaonedwa, ndiye tsiku limodzi mutembenuze lamulo osatiuza? Kodi kunali kovuta kunena kuti, amai, tikusankha, nenani zenizeni? Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma zimenezo ndikanamva.

Mwezi watha mwana anatentha thupi. Ku kiliniki nesi anafunsa kuti wasanza kangati.

Ndinati, "Mufunsila chani? Niuzeni poyamba."

Anati ndine wamwano. Ndinakhalabe pampandopo, mzere ukudandaula kumbuyo kwanga, mpaka anandiuza.