Makina a Biswick pa siwa ya Felton

Amene munakwerako basi za ku Tottenham zaka zapitazi mwina munawaona a Biswick, bambo wojintcha, wa khosi lalifupi, amene ankalonjera wokwera aliyense ngati mlendo wofika pakhomo pawo. Kwawo kunali ku Ntcheu. Chiwongolero ndicho chinali khasu lawo, ndipo analima nacho misewu ya London zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mkonono wawo unali wotchuka. Akazi awo, a Rabecca, namwino wa pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, phokosolo analizolowera kalekale. Chinkawaimitsa mutu chinali kachetechete wa pakati pake, bamboyo akaleka kupuma, kenaka n'kudzambatuka ngati munthu wovuulidwa m'madzi.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, a Biswick anasinza pa maloboti, basi ili yodzaza, mpaka mahutala a galimoto za m'mbuyo anachita kuwadzutsa. Anakadziulula okha kudepoti. Dokotala atawapima anati kukhosi kwawo kumatsekeka akagona, ndipo sagwiranso chiwongolero kufikira atazolowera makina opopera mpweya m'mphuno.

Mzere wodikira makinawo kuchipatala unali wautali. A Rabecca anakumbukira inshulansi ya kuntchito kwa amuna awo, ndiye anaimba foni, anatumiza makalata, anaimbanso. A inshulansi analola, koma ndi lamulo. Makinawo awabwereka masiku makumi atatu, ndipo amadzilembera okha usiku uliwonse umene munthu wagona nawo. Kujomba kololedwa ndi masiku asanu ndi anayi basi. Akapitirira apo, makina abwerera kwa eni ake, ndipo dokotala sasaina kalata yobwerera kuntchito.

"Ndiye kuti kabokosika ndi kazitape," anatero a Biswick, akutembenuza chigoba cha pamphuno ndi paipi yake.

Masiku anayi oyamba anachivula n'kuchiponya pansi. Pambuyo pake anayamba kuchipirira. Koma masana ankawatalikira. Ankasesa posesa kale, n'kutuluka, n'kukaima pasiteji kuonerera anzawo akudutsa ndi basi, manja awo akugwedezeka okha m'matumba ngati akukhota.

Sabata yachiwiri isanathe, kunabwera uthenga woti a Felton atisiya ku Barking. A Felton ndiwo anakachingamira a Biswick pabwalo la ndege chaka chimene anafika, nawaveka jekete lawo lomwe, nawagoneka pabalaza miyezi isanu. Tsono mwambo wathu sunatsale kumudzi. Kufikira thupi litakwera ndege, anthu amagona pasiwa: amayi kuchipinda ndi namfedwa, abambo pabalaza, aliyense ndi bulangete lake.

A Biswick anapita ndi bulangete lokha. Anakhala kumeneko masiku asanu, atatsamira khoma, tulo akutithawa dala kuopa kuliza mkonono pakati pa nyimbo za maliro. Mapepala otumizira thupi ankachedwa.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi, a Rabecca anawakokera kukhitchini.

"Abambo a Taonga, mwawerenga? Anayi aja, kuphatikiza asanu awa. Akwana asanu ndi anayi. Mukajombanso lero, basi muziyionera pasiteji."

"Ndiye ndimusiye Felton? Munthu anandivulira jekete?"

"Ndani wati muwasiye? Katengeni makina."

"Ndivale chitamba cha njovu pamaso pa azibambo? Pamaliro?"

"Manyazi anapha lambe," anatero mayiyo, n'kubwerera kumapoto.

A Biswick anatuluka osadziwa kolowera. Anakwera sitima ya mumzinda yotchedwa District, anatsika, anakweranso ina. Atafika kunyumba anakhala pabedi, anadzuka, anatsegula zenera, analitseka. Kugona kwawo kuno kunali kunyoza mnzawo. Kugona kusiwa chimanjamanja kunali kutaya khasu. Dzuwa litapendeka anakulunga makinawo m'thaulo, nawaika m'chikwama cha kumsika kuti asadziwike.

Kusiwa kuja, nyimbo zitatha, abambo anayala. Soketi ya pabalaza inali imodzi, ndipo inali itadzaza matchaja a mafoni. A Biswick anaiyang'ana nthawi yaitali, chikwama chili pamiyendo.

"Mwabisa chiyani umo, achimwene?" anafunsa a Harrison, mkulu wa mpingo wa kwa a Felton, munthu wa ku Dowa wosasowa chonena. "Ngati ndi kachasu, tiuzeni tipemphere kaye."

A Biswick anafunyulula thaulo, nakoka malamba, navala chigoba chija.

"Kalanga ine!" anakuwa a Harrison. "Mngoni walowa gule! Munagula njira liti, a Biswick, ife eni ake osamva?"

Balaza lonse linaphulika ndi phwete. Wina anati aombere m'manja chilombo chivine. A Biswick thukuta linali kamukamu, zala zili kale pa lamba kuti avule.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Anatuluka a Ellen, namfedwa, duku lakuda lili kumutu. Phwete lija linazima ngati nyali.

Mayiyo anayang'ana chigobacho, nayang'ana paipi.

"Musavule, alamu," anatero ndi mawu osasa. "Anzanu aja ndinawachonderera zaka zitatu kuti akapimitse. Ankangoti mkonono ndi wa mwamuna wolimbika ntchito."

Anawerama okha, nazula tchaja ya a Harrison, nalowetsa pulagi ya makina.

"Foni yangayo ili pafupi kuzima, mayi," anadandaula a Harrison chapansipansi.

"Izime. Idzadzuka mawa."

Makina anayamba kupuma pang'onopang'ono, ndipo a Biswick, amene anali asanaone tulo teniteni sabata yathunthu, anagona osamva ngakhale pemphero la m'bandakucha. Anagona choncho masiku ena asanu ndi limodzi, kufikira anaperekeza a Felton kubwalo la ndege lomwe lija. Masiku otsalawo sanajombe n'kamodzi komwe. A inshulansi analipira, dokotala anasaina, ndipo Lolemba lina kuli chisanu a Biswick anakhalanso pampando wawo, nasisita chiwongolero ngati mutu wa mwana.

Mpaka lero, kukagwa zovuta pakati pa anthu athu ku Barking, ku Edmonton kapena ku Tottenham, mudzawaona akufika ndi bulangete kudzanja lina, chikwama kudzanja lina, chopanda thaulo. Abambo akamayala, a Harrison ndiwo amayamba kuzula tchaja yawo.

"Pambukani, pambukani," amatero. "Soketi iyi ndi ya gule."