Makope Amene Ndinawasunga Ngati Fodya

Ine ndine mlimi wa fodya, ndipo ndili ndi mtima wapachala. Zinthu ziwirizi ndi zimene zinaononga makope khumi ndi awiri a mulaibulale yathu. Ndikulemba izi chifukwa ndatopa kumva anthu akunamizira mvula.

Laibulaleyo ili pamtunda kuseri kwa msika, m'mbali mwa msewu wochokera ku Malomo kupita kuboma la Ntchisi. Anaimanga a mishoni kalekale ndi njerwa zootcha, khonde lake la zipilala zinayi. Aliyense wolondolera mlendo njira amayambira pomwepo: mukafika palaibulale mukhotere kumanzere. Ine ndinaphunzirira m'menemo kuwerenga ndili kale ndi ndevu. Amene anandiphunzitsa ndi bambo amene anayang'anira nyumbayo moyo wawo wonse, ndipo tonse tinkangowatchula kuti aphunzitsi. Pamene izi zinkachitika anali atapuma ntchito, maso atasiya kuona.

Masiku a mphamvu zawo, aphunzitsiwa ankakwera njinga Loweruka lililonse kupita m'midzi ya m'mapirimu, mpaka ku Chezi ankafika. Ankakhala pansi ndi nkhalamba n'kumalemba zimene zinkawauza: mudzi uno unachokera kuti, anayamba kukumba chitsime ndani, mtsinje uwu dzina lake linabwera bwanji, nyimbo za pamtondo, mayina a mitengo imene inatha. Analemba ndi inki m'makope a ana asukulu, khumi ndi awiri. Nkhalamba zonsezo zinapita. Kwina kulikonse kunalibe zolembedwa zimenezi.

Nyumbayo inali itatopa. Malata ankadontha, mileme inadzaza kudenga, chiswe chitalowa m'mashelefu. Ndiye titamva kuti aikonza, aika sola, makompyuta, chipinda cha misonkhano ndi pokwerera njinga za olumala, tinasangalala. Ine anandiika mukomiti, ndikuganiza chifukwa cha pakamwa pangapa. Woyendetsa ntchito anali mayi wachitsikana wochokera kutauni, wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Sindinamukonde kuyambira tsiku loyamba, ndipo sanandilakwire kanthu. Chinandinyansa ndi choti ankalankhula mofulumira, foni ili m'manja.

Tsiku lotulutsa katundu anandipeza nditanyamula makope aja.

"Bambo, amenewo mundipatse," anatero. "Ndipita nawo kutauni akajambulidwe tsamba ndi tsamba pamakina. Pakatha milungu iwiri ndibwera nawo."

"Kutauni?" ndinatero ine. "Chinapita kutauni n'kubwerako n'chiyani? Mukufuna akakulungire mandasi?"

"Ayi bambo, ndikufuna asatayike. Akajambulidwa, ngakhale atapsa, mawu atsala."

"Iwe mwana, makope awa analembedwa usanabadwe, ndipo sanatayike. Ndikawasunga ndekha."

Ndinamutchula kuti iwe pamaso pa amisiri. Anangoti chabwino bambo, n'kutembenuka. Madzulo ake ndinapita kwa aphunzitsi kukadzitama. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ngati ali kwa inu, ndigona tulo."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nditafika kunyumba n'kutsegula kope limodzi, ngodya ya tsamba inathetheka m'zala zanga. Ndinatsegula lina, chimodzimodzi. Mapepala anali atauma gwaa. Tsono mlimi wa fodya aliyense amadziwa chochita tsamba likauma mpaka kumathetheka. Suligwira. Umalisiya limwe chinyezi, lifewe, ndipo ukatero umaliunjika bwino n'kulifunditsa kuti chinyezicho chisathawe. Manja anga achita zimenezi kwa zaka zambiri, moti sindinaganize n'komwe. Ndinayala makope aja panja m'mamawa kuti alandire mame. Anafewa bwinobwino, masamba n'kumatembenuzika osathyoka, ndipo ndinadziona wanzeru. Kenako ndinawasanja pathandala m'chigafa, ndinawakuta ndi chiguduli chimene ndinachiwaza madzi pang'ono, pamwamba n'kufunditsa pepala lakuda la pulasitiki. M'mbali ndinatsindira ndi njerwa kuti mphepo isalowe.

Mkazi wanga anaima pakhomo la chigafa, manja m'chiuno.

"Abambo, kodi amenewo ndi a ku okushoni?"

"Zimene sukuzidziwa uzingoona."

"Mukanafunsa mayi uja. Safunsa anadya phula."

Ndinamukalipira, iye n'kupita kudimba.

Ntchito inayenera kutha Khirisimasi isanafike, koma mvula inayamba molawirira. Msewu unasanduka phala, malole a simenti n'kumatitimira m'zitunda, amisiri n'kumangokhala. Nanenso ndinatanganidwa: kuokera fodya, kupalira, kubandira, kuthyola. Fodya watsopano ndinamupachika m'chigafa chomwecho, pamwamba pa mulu uja. Ndinkaudutsa tsiku ndi tsiku, n'kumaona kuti pulasitiki sanang'ambike ndipo dontho la mvula silinalowe. Mtima unali m'malo. Mayi uja anandifunsa kawiri za makope, ndipo kawiri konse ndinamuyankha kuti ali bwino kuposa iyeyo.

Ndinavundukula mu Epulo, kutatsala masiku atatu kuti atsegulire nyumba. Fungo ndi limene linayamba kundiuza. Pansi pa pulasitiki panali thukuta lokhalokha. Chiguduli chinali chitaola, makope atachita chuku chobiriwira ndi chakuda, atamatana n'kukhala chinthu chimodzi ngati njerwa yosaotcha. Ndinayesa kulekanitsa ndi mpeni. Inki inali itasungunuka, tsamba lililonse lili buluu, mawu osaoneka. Penapake ndinawerenga kuti "anawoloka ndi ng'ombe zitatu", basi. Anawoloka ndani, mtsinje uti, palibe adzadziwe.

Ndinakhala pansi m'chigafamo mpaka miyendo inachita dzanzi. Mkazi wanga anabwera, anayang'ana, n'kubwerera kunyumba. Ndikanakonda akanandinyoza.

Ndisabise, ndinaganiza zonama. Ndikanati denga linadontha, ndani akanatsutsa chaka cha mvula ngati chimenecho? Anthu ena mpaka lero amanena zimenezo pondimvera chisoni, ndipo zimandipweteka kuposa kunditukwana.

Tsiku lotsegulira, nyumba inali yokongola, zimenezo sindingakane. Zipilala anazisiya momwe zinalili, malata atsopano, mawindo aakulu, ana asukulu atazungulira makompyuta. Ine ndinalowa ndi thumba la makope aja kukhwapa ngati wakuba. Mayi uja anandithamangira akumwetulira n'kundikokera pakati pa chipinda chachikulu. Pamenepo panali kabati yagalasi, yopangidwa ndi matabwa a mashelefu akale amene chiswe chinawasiya. M'kati munali timalo khumi ndi tiwiri.

"Ndinauza kalipentala ayeze kope la sukulu," anatero. "Makina ojambulira ndabwera nawo konkuno, kuti asachokenso m'manja mwanu."

Ndinatsegula thumba. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kuwindo. Ndinati, "Mayi, ndinakulakwirani." Aka kanali koyamba kumupatsa ulemu wake.

Aphunzitsi anali atawakhazika pampando kutsogolo, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Atamva mawu anga anatambasula manja.

"Mwabwera nawo ana anga aja?"

Ndinagwada n'kuika chinthu chija pamiyendo pawo. Anachisisita, anafunafuna potsegula, osapapeza. Anachinyamula n'kununkhiza.

"Mukununkha fodya umu," anatero.

Ndinawauza zonse, za mame, za chiguduli, za mmene ndinakanira kuti akajambulidwe. Ndinalira pamaso pa ana asukulu, bambo wamkulu ndi imvi zanga. Iwo manja anali akadali pamakope. Kunja kwaya inali itayamba kuimba.

Patapita nthawi anati, "Kulemba munakuiwala?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Mawa mubwere ndi kope ndi cholembera. Tiona zimene zatsala m'mutu muno."

Ndinapita mawa lakelo, ndi mkuja, ndi masiku onse dzinja litatha mpaka chisanu chinalowa. Amene anasankha fodya wanga anali mkazi wanga ndi alamu anga. Ndinkakhala pakhonde pa aphunzitsi, iwo akunena, ine ndikulemba ndi zala zanga zolimbazi. Masiku ena zinkabwera bwino, mudzi wathunthu ndi mibadwo yake. Masiku ena ankayamba nyimbo n'kuima pakati, n'kunena kuti, "Siyani mpata pamenepo, ndikumbukira." Ndinkasiya mizere itatu, nthawi zina tsamba lonse. Sanandidzudzulepo. Koma tsiku lina ataiwala dzina la gogo amene anawauza za chitsime cha kwathu, anamenya ndodo pansi n'kunena kuti, "Zinali m'kope lachinayi!" Ndinasowa poyang'ana.

Anamwalira mu Ogasiti, tili pakati pa kope lachiwiri.

Lero laibulale imadzaza. Achinyamata amabwera kudzafunsira ntchito pakompyuta, amayi a m'magulu amakumana m'chipinda chatsopano, ndipo ndimakondwera nazo ndithu. Ndikapita kumsika ndimalowamo. M'kabati yagalasi muli makope awiri olembedwa ndi dzanja langa, ndipo timalo khumi tili pululu. Mayi uja anafuna kuti kalipentala atitseke, ine ndinapempha kuti atisiye choncho. Mwezi wathawu mdzukulu wanga wamkazi, amene ali ku sekondale, anapempha kiyi n'kutsegula kope loyamba. Anawerenga pang'ono, kenako anandifunsa kuti, "Agogo, nanga m'mipatamu munayenera kulembamo chiyani?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo palibenso woti ndikamufunse.