Ndikatha Tikiti Iyi

Loweruka lapitali, folo koloko, tinali pa benchi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kuno ku Ndola, madala asanu amene tinayamba sukulu imvi zitamera kale. Mphunzitsi wathu, a Chirwa, kalaliki wochokera ku Nyasalande, analemba pa bolodi liwu la Chingerezi lalitali ngati njanji: procrastinate.

A Mwale, mnzanga wa pa benchi, analiyang'ana n'kupukusa mutu. "Aphunzitsi, limeneli ndi liwu kapena dzina la mankhwala? Mano anditsalira anayi, musandithere."

"Musaope kutalika kwake, madala," anatero a Chirwa. "Ndi kuzengereza basi. Munthu akudziwa chochita, mphamvu ali nazo, koma akuti mawa. Aliyense apereke chitsanzo."

A Mwale anatchula denga lawo limene lakhala likudontha madzinja awiri. Wina anatchula ubatizo wa mwana amene tsopano akumera ndevu. Tinaseka. Itafika nthawi yanga ndinati ndilibe chitsanzo.

Ndinanama. Chitsanzo changa chili m'bokosi pansi pa bedi, ndipo chakhalamo zaka khumi ndi zitatu.

Migodi itangotsegulidwa, ndinkagwira ntchito pansi, cha ku Kitwe, ndi mnzanga Tadeyo. Tinachokera limodzi ku Fort Jameson, midzi yathu yoyandikana. Iye anasiya mkazi, Naphiri, ndi kamwana kakakazi kakuyamwa. Lamlungu lina ndinamwa mopitirira, ndipo Lolemba ndinalephera kudzuka. Tadeyo linali tsiku lake lopuma, koma kapitawo anamutenga kuti alowe m'malo mwanga. Mwala unagwa pamalo pamene ndikanaima ine.

Ku ofesi Tadeyo analembetsa dzina la m'tauni ndi mudzi wongopeka, monga ankachitira ambiri masiku amenewo. Kalata ya imfa yake inapita kosadziwika. Pamanda, anzathu anandipatsa bulangete lake, kolona yake ndi dothi la pamandapo m'kachitini ka fodya. Anati, "Inu ndinu mudziwa kwawo. Kaperekeni."

Mwambo wathu mukuudziwa. Munthu akafera kutali, katundu wake amafika kumudzi m'manja mwa amene anaona manda. Pamenepo abale amalira, amameta, ndipo akuchimuna amasudzula mkazi kuti akhale mfulu. Popanda zimenezo, mkaziyo akadali wa mwini.

Ine ndinati, "Ndipita ndikatha tikiti iyi."

Inu a m'komboni, ndani sananenepo mawu amenewa? Tikiti ili ndi masiku makumi atatu. Kapitawo amachonga tsiku ndi tsiku, ikadzaza amakupatsa ina yoyera. Moyo wathu kuno timauyeza choncho. Palibe amene amati, "Sindidzapita kwathu." Aliyense amati tikiti imodzi yokha, ndigule kaye jekete, ipite kaye mvula, nditsirize kulipira njinga. Kumudzi nyengo imakukakamiza: ukachedwa kubzala, munda umakuneneza pamaso pa anthu onse. Kuno tikiti ya Januwale ndi ya Juni n'zofanana. Palibe chokuchititsa manyazi.

Ndi mmene amapangikira matchona. Kwathu amati mtchona ndi munthu wouma mtima, woiwala amake. Ine ndakhala nawo, ndadya nawo, ndaika ena m'manda. Ambiri si ouma mtima. Ndi anthu amanyazi. Chaka choyamba amachita manyazi kubwerera chimanjamanja. Chaka chachisanu amachita manyazi ndi zaka zinayi zija. Kenaka manyaziwo amakula kuposa ulendo.

Aulesi alipo, sindikana. Koma nthawi zambiri chimene timazengereza si ntchito yolemera. Ndi nkhope ya munthu amene tikuopa kumuyang'ana. Ine sindinkaopa mtunda. Ndinkaopa funso limodzi la Naphiri: "Linali tsiku lake lopuma, nanga pansipo anakatani?"

Ndinali ndi pobisala pena. Ndinkati sindidziwa kulemba, ndipo nkhani yotere sungauze mlembi wa makalata wa m'komboni, mawa lake akaimba pa mowa. Tsopano a Chirwa andiphunzitsa kulemba, mpaka ndikulemba m'nyuzipepala muno mlungu ndi mlungu za mabowo a m'misewu ndi ufa wa magawo. Pobisala paja panagwa kalekale, ine osafuna kuona.

Mwezi watha, titatuluka Misa, ndinakumana ndi bambo wina wongofika kumene kuchokera kwathu. Ndinafunsa za uyu ndi uyu, kenaka ngati mwangozi ndinafunsa za Naphiri.

"Mkazi wa mtchona uja? Alipo," anatero. "Mwamuna wina wabwino anamufunsira, koma ansembe anakana, ati mwamuna wake ali moyo ku migodi. Akulima yekha mpaka lero. Mwana uja ndi namwali tsopano. Dzina la atate ake safuna n'kulimva komwe."

Ndinamuyankha kuti, "Pepani, dziko ndi loipa." Ndinapita kunyumba n'kudya bwinobwino.

Mukuona? Ine ndinkayesa kuti chimene ndasunga m'bokosi ndi chisoni changa. Chikhalirecho ndasungamo ukwati wa mkazi wa eni, ndi dzina labwino la munthu amene anafa m'malo mwanga. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma mwambiwo sunena zonse. Nthawi zina wokwawa si wozengerezayo, ndi wina amene sanalakwe kanthu.

Sukulu itatha Loweruka lija, ndinatsalira n'kuwauza a Chirwa zonse. Ndi munthu woyamba kumva. Anati, "Bambo, ndingakuthandizeni kulemba kalata lero lomwe."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma uthenga wa maliro suyenda mu envulopu pamene woona manda akadali ndi miyendo. Lolemba ndinapempha tchuthi ku sitolo kumene ndimalondera masana. Mwini sitolo anati sangalonjeze kuti ndidzapeza malo anga. Ndinati zikomo.

Sindikudziwa ngati Naphiri adzandipatsa mpando. Zaka zimene ndamudyera sindingamubwezere, ndipo ndikamuuza za Lolemba lija la ku mgodi, mwina adzanditukwana mudzi wonse ukumva. Ayenera kutero. Chachikulu n'chakuti mwanayo adzadziwa kuti atate ake sanamuthawe.

Sitima ya ku Lusaka inyamuka Lachisanu m'mawa, ndipo kuchokera kumeneko ndikwera lole ya ku Fort Jameson. Amene muli ndi kalata, kansalu kapena moni wa kwa amayi anu, mundipeze pa siteshoni, ndinyamula mosanyinyirika. Koma ngati m'bokosi mwanu muli bulangete la munthu wakufa, limenelo musandipatse. Bwerani nalo, tikhale benchi imodzi.