Malasha a Pachifuwa pa Mlongo Wanga

Mlongo wanga atandiuza kuti ndimukonzere maluwa a pachifuwa, ndinayesa nthabwala. Kwathu ku Mwanza duwa amagwira ndi mkwatibwi. Mwamuna wa ndevu zake, woyendetsa chilole cha malasha ku Moatize, duwa alitani? Koma anandionetsa chithunzi pafoni, ati ndi mmene akukwatira anthu masiku ano: mkwati ndi omuperekeza anayi, aliyense kaduwa pa jekete. Ine ndinali telala ku Degue, mumzinda wa Tete, ndiye ntchito inagwera ine.

Ukwatiwo unali utapachikika ndi kaulusi. Mayi a mkwatibwi, Anyungwe a ku Nhartanda, sankamufuna mlongo wanga. Ankati mlendo wobwera ndi malasha adzapita ndi malasha. Anavomera ndi pakamwa pokha, ndipo tonse tinkadziwa kuti kanthu kochepa kangawabweze.

Ndinayamba ndi maluwa enieni. Dzuwa la ku Tete silidziwa ukwati: ndisanamalize kumanga lachiwiri, loyamba linali litafota ngati chisoso cha dzulo. Apulasitiki mkwatibwi anawakana, ati ndi a kumanda. Nthenga za nkhanga mlongo wanga anakana yekha, ati sakukavina gule. Ndinayesanso njere za malambe, zinangooneka ngati mbuzi yadutsa pa jekete. Mutu unandizungulira ndithu.

"Mana, ikani lasha," anatero mlongo wanga tsiku lina, kunditchula chemwali m'Chipwitikizi. "Malasha ndi amene andipatsa mkazi."

Ndinasankha timalasha tisanu, ndinatipaka kyutekisi kuti tisadetse malaya. Kenako ndinadula riboni yakuda, n'kuipinda pansi pa kalasha kalikonse. Pa masuti awo otuwa zinkawala bwino. Ndinadzitama, sindinama.

Pabwalo la tchalitchi, abale a mkwatibwi atangoona anyamatawo, nthungululu inazima. Ena anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana nsapato, zipi, tayi, osaona cholakwa. Mayi wina wa ku Angónia, kasitomala wanga, anandikokera pambali.

"Comadre, mwafedwa?"

"Ayi. Bwanji?"

"Kuno kansalu kakuda pachifuwa ndi luto. Amavala ofedwa."

Zaka zitatu ndikusoka mumzinda muno, tinsalu timeneto ndinkationa pa malaya a anthu, ndinkangoti ndi fasho. Ndinathamangira kwa mlongo wanga n'kuyamba kumasula pini, iye akungofunsa kuti chavuta n'chiyani. Nditacheuka, mayi a mkwatibwi aja anali ataima kumbuyo kwanga. Mumtima ndinati basi, ukwati ndaupha ndi riboni.

Anandigwira dzanja n'kulichotsa. Anaiwongola riboniyo okha, n'kubwezera pini pamalo pake. Misozi inali mbwee.

"Baba wake wa mwanayu chaka sichinathe chimwalirire," anatero. "Abale anga luto avula kale, lero abwera kudzadya. Imwe alendo ndimwe mwam'kumbukira. Ndatenda, mwanangu."

Ndatenda ndi zikomo wa Anyungwe. Mawu akuti mwanangu ankauza mlongo wanga, amene anali asanamutchulepo ndi dzina lomwe. Iye anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndinachita manyazi, ndinasangalalanso, osadziwa kuti choyenera ndi chiti. Bambowo ine sindinawaonepo, ndipo posoka paja sanandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Mtengo wa malasha utatsika, anzake ambiri a mlongo wanga anabwerera kwawo. Mlongo wanga anatsala, ndipo chaka chilichonse ndiye amakalambula manda a apongozi ake aamuna. Kalasha kaja mayiwo anakapempha, kali m'kabati yagalasi pafupi ndi chithunzi cha amuna awo. Ndikapita kukacheza amakatulutsa n'kuuza alendo kuti ine ndi munthu wodziwa mwambo. Kangapo ndatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Ndikaona mmene amakapukutira ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo, ndimangopempha madzi akumwa.