Chimanga Chosabereka cha Pabalaza

Chaka chimene amayi anamwalira ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru, ndipo ndinkakhala ndekha m'nyumba ya aphunzitsi ya zipinda ziwiri. Pabalaza panali mipando itatu, tebulo, ndi duwa limodzi lodzalidwa m'ndowa yoboola pansi. Ndikuti duwa chifukwa kwathu kuno chilichonse chomera m'chitini timachitcha duwa, koma ilo silinachitepo maluwa. Dzina lake ndi dirasina. Anandipatsa ndi mnzanga wina amene mwamuna wake ankagwira ntchito kumalo ofufuza za ulimi ku Chitedze, kali kamtengo kosakwana mkono. Amene sanalionepo aganize za chimanga: tsinde lowongoka ngati ndodo, pamwamba masamba aataliatali ogwera m'mbali, okhala ndi mzere wachikasu pakati.

Kulisamala n'kosavuta kwa munthu waulesi, koma kwa munthu wakhama ndi mayeso. Limafuna kuwala, osati dzuwa lenileni, choncho linkakhala pambali pa zenera. Madzi ndinkathira pokhapokha ndikapisa chala m'dothi n'kupeza mouma, mwina kamodzi pa sabata, ndipo nthawi yozizira pankatha masabata awiri. Madzi a pamjigo wathu ankapsereza nsonga za masamba, ndiye ndinkasunga a mvula m'zigubu kuseri kwa chitseko. Loweruka ndinkapukuta fumbi la pamasamba ndi kansalu konyowa, n'kutembenuza ndowa kuti mtengo usapendekere kuzenera. Ntchito yake inali yomweyo basi. Pa zaka zinayi linakula mpaka kundifika pachifuwa.

Bambo anga anali mkamwini. Anakwatira kumudzi kwa amayi, cha ku Kabudula, ndipo moyo wawo wonse analima fodya, chimanga ndi mtedza pamunda wa banja la amayiwo. Mwambo wosudzula utachitika, palibe anawathamangitsa. Amalume anangolankhula mwaulemu pagulu kuti, "Alamu, mwatisungira mlongo wathu, tikuthokoza kwambiri. Koma za munda mukudziwa kale, ndi wa kuno." Mundawo anaugawira ana a amayi aang'ono, amene ankakhala pamudzi pomwepo. Ine, mwana wamkazi, ndikanatha kutsegula pakamwa, pakuti gawo lina linali langa. Sindinatero. Ndinkaopa mikangano, komanso ndinkafuna kuti bambo abwere kudzakhala ndi ine.

Chifukwa chake chinalipo. Anali ndi matenda othamanga magazi, ofunika mapilitsi tsiku lililonse, ndipo amene ankawakumbutsa anali amayi. Kwawo kobadwira, ku Kasiya, kunangotsala mwana wa mlongo wawo, munthu wa kachasu, ndi nyumba yodontha. Ndinkadziwa kuti akapita kumeneko sadzatha chaka. Iwo anavomera kubwera kwa ine, koma anati akungodzacheza. Chikwama chawo anachilowetsa pansi pa bedi osachimasula, ndipo malaya ankatulutsa amodziamodzi.

Anafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Masiku oyamba ankangokhala pakhonde, manja ali pamawondo, kuyang'ana ana asukulu akusesa bwalo. Tsiku lina madzulo ndinawapeza ataima pabalaza, akugwiragwira masamba a duwa langa.

"Kodi chimanga ichi unadzala liti?"

"Si chimanga, bambo, ndi duwa. Latha zaka zinayi."

"Zaka zinayi osatulutsa ngayaye? Chili ndi njala ichi."

Ndinaseka, ndipo ndinakondwa kuwamva akulankhula za chinthu china osati maliro. Sindinaganize zoti mlimi akanena kuti mbewu ili ndi njala, ndiye kuti waganiza kale chochita.

Anayamba ndi dzuwa. Ndikuweruka kusukulu ndinapeza ndowa ili pakati pa bwalo, masamba atayera m'malo momwe dzuwa linawamenya. Anati mbewu ya pamthunzi imatalika chabe, mphamvu ilibe. Ndinalilowetsa, n'kuwafotokozera modekha kuti limeneli ndi la m'nyumba. Anagwedeza mutu ngati amva, koma ndinaona kuti akundimvera chisoni. Kenako anabwera ndi madzi. M'mawa uliwonse, akatha kusukusula, ankathira kapu yodzaza, mpaka dothi linayamba kununkha ngati dambo. Ndinawagwira dzanja n'kuwapisitsa chala m'ndowamo.

"Mwamva kunyowaku? Likamwa kwambiri limaola mizu."

"Eti? Mbewu yoopa madzi! Za m'tauni izi."

Anasiya kuthirako, kapena ndinene kuti anachepetsa. Ine ndinadziuza kuti munthu wamkulu asiyidwe ndi kanthu koseweretsa, bola akumwa mapilitsi.

Mvula inagwa, anthu anadzala. Nyumba yathu inali m'mphepete mwa njira yopita kuminda, ndipo bambo ankapereka moni kwa aliyense wodutsa ndi khasu, n'kumufunsa za kamere, za mbozi, za mtengo wa feteleza. Ena ankaima kucheza, ambiri ankafulumira. Mu Januwale, nthawi yothira wobereketsa, ankadzuka m'mamawa kwambiri n'kumangozungulira nyumba. Ndinkawamva, koma ndinali ndi makope a ana oti ndichonge.

Chakumapeto kwa mwezi umenewo duwa linayamba kudwala. Masamba anapsa m'mbali, kenako anachita chikasu, n'kumathothoka awiri lero, atatu mawa. Pamwamba pa dothi panayera ngati pathiridwa mchere. Nditakanikiza tsinde pafupi ndi dothi, linabonyoka. Ndinatenga supuni n'kufukula, ndipo ndinapeza timaenje titatu mozungulira tsinde, tokumbidwa bwino ndi kamtengo n'kukwiriridwa, monga momwe amachitira paphando la chimanga. Bambo sanakane. Analowa kuchipinda n'kubwera ndi pepala la shuga lomanga mfundo, muli yuriya wotsala. Anamutapa m'thumba lomaliza la kumunda kuja, ndipo anayenda naye m'thumba la jekete kuchokera ku Kabudula.

"Paphando timathira chitsekero cha botolo chimodzi," anatero. "Ichi ndinathira zitatu, poti chakhala ndi njala nthawi yaitali."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinali nditatopa, ndipo duwalo ndinalilera ndekha zaka zinayi.

"Bambo, ndinakuuzani kangati? Bwanji simumva? Uno si munda wanu!"

Mawuwo atangotuluka ndinawazindikira. Anali a amalume omwe aja, kungoti amalume anawanena mwaulemu. Bambo anamanganso mfundo ya pepala lija pang'onopang'ono.

"Zoona, aphunzitsi," anatero, n'kutuluka kukakhala pakhonde.

M'mawa mwake linali Loweruka. Ndinawapeza atavala jekete ndi nsapato zopitira kutchalitchi, chikwama chili pamapazi. Anandifunsa kuti akabaza a njinga zamoto amayamba nthawi yanji, ati akufuna akaone mphwawo ku Kasiya. Tonse tinkadziwa kuti si ulendo wokaona munthu.

Ine pakamwa panga mpouma pa nkhani yopepesa, ndipo ndinatengera iwo omwe. M'malo mopepesa, ndinalowa m'nyumba, n'kukoka ndowa ija mpaka pakhonde, n'kubweretsa mpeni wa kukhitchini. Ndinagwada n'kuwanamiza.

"Bambo, akuti likaola pansi amadula tsinde n'kudzala zidutswa, koma ine sindidziwa kadulidwe kake. Mundithandize musanapite."

Kadulidwe ndinkakadziwa bwinobwino, mnzanga uja anandionetsa kalekale. Bambo anayang'ana mpeniwo, anauyesa ndi chala, nati ndi wobuntha. Anakaunola pamwala wa pakhomo. Kenako anavula jekete, anazula mtengo wonse, n'kumautsina kuyambira pansi kukwera m'mwamba mpaka pomwe unali wolimba. Choola anataya. Chotsalacho anachidula patatu, chidutswa chilichonse chotalika ngati chikhatho ndi theka.

"Ngati chinangwa basi," anatero. "Chachikulu usasokoneze mutu ndi miyendo. Ukadzala chozondoka sichiphuka."

Mbali ya kumwamba anaichonga ndi khala, ndipo modulamo anapakamo phulusa. Dothi lakale lija anakalitaya kutali. Ananditumiza mchenga wa kumsewu ndi dothi lakuda la pansi pa mtengo wa mango, anasakaniza, nadzala zidutswazo m'zitini zitatu zoboola. Pomaliza dzuwa linali litakwera. Anasamba m'manja, nayang'ana zitinizo nthawi yaitali.

"Chinthu ndachipha ndekha, sindingachisiye chonchi. Ndiona kaye ngati ziphuke. Zikaphuka ndinyamuka."

Ndinavomera msangamsanga. Ndinkadziwa chimene iwo sankadziwa, chakuti dirasina si chinangwa. Chinangwa masabata awiri chaphuka, koma uyu amatha mwezi ndi theka, mwina iwiri, ali chiimire ngati chikuni.

Masabata amenewo tinakhala mwamtendere. Zitini anaziika pakhonde, kumbali yosafika dzuwa, ndipo malamulo onse amene ankawanyoza aja anayamba kuwasunga kuposa ine. Ankapisa chala asanathire madzi. Mvula ikayamba ankathamangira kukatchera chigubu. Tsiku lina anandikalipira chifukwa ndinagwedeza chidutswa china pofuna kuona ngati chagwira mizu. Za mawu anga aja sanatchulepo, inenso sindinatchule. Mapilitsi ankamwa, ndipo masaya anayamba kubwerera. Koma Lamlungu lililonse ankasuzumira zitinizo n'kunena kuti, "Zikuchedwa, eti? Anthu ku Kasiya azidabwa."

Chakumapeto kwa Malichi, m'mawa wina bambo ali kubafa, ndinaona kakhungu katatupa pafupi ndi nsonga ya chidutswa chimodzi. Pakati pake panatuluka kansonga kobiriwira, kochepa ngati njere ya mpunga. Ndinayang'ana kubafa, ndinamva madzi akukhavuka. Ndinakakanda ndi chikhadabo cha chala chachikulu mpaka kanachoka, n'kupakapo dothi kuti pasaoneke. Kenako ndinatenga makope anga n'kupita kukaphunzitsa ana.

Ndinachita manyazi, koma sindinasiye. Patatha masiku anayi kanatuluka kena pa chidutswa chachiwiri, ndinakachotsa. Sabata yotsatira tiwiri, ndinatichotsanso. Ndinkadzuka msanga dala kuti ndiyambe ndine kuona. Chidutswa chimodzi chinatopa nazo, chinakwinyika n'kuuma. Ine amene ndinakalipira bambo anga chifukwa cha duwa, tsopano ndinkalipha ndekha, ndipo sindinkalimvera chisoni ngakhale pang'ono. Ndinkangowerengera kuti mphukira iliyonse ndikaichotsa ndawonjezera sabata.

M'mawa wina ndili chiweramire pa chitini, chala chili pamtengo, ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Madzi kubafa sanakhavuke tsiku limenelo, ine osazindikira. Bambo anali ataima pakona ya nyumba, thawulo lili paphewa, louma. Anabwera, ananyamula chitinicho, n'kuchitembenuzira kowala. Zipsera zonse zinkaoneka, ngakhale zopakidwa dothi zija.

"Ndalima moyo wanga wonse," anatero. "Kadyedwe ka mbozi ndimakadziwa, ka chiswe ndimakadziwa. Ichi n'chikhadabo cha munthu. Ndinachiona sabata yatha."

Ndinakhala pansi pakhondepo, ana ovala yunifolomu akudutsa kumsewu, ndipo ndinalira monga sindinalire pamaliro a amayi. M'kuliramo ndi momwe ndinanena kuti andikhululukire, za mawu aja komanso za munda umene sindinaumenyere nkhondo. Sindikudziwa ngati zonse zinamveka. Iwo anadikira mpaka nditatha, akuyang'ana kumbali, monga amachitira amuna a msinkhu wawo.

"Zisiye ziphuke, mwana wanga, zalakwanji? Sindipita. Koma kukhala pakhonde kokhaku kundipha msanga kuposa ku Kasiya. Kuseri kwa nyumbaku kuli tchire, nthaka ikadali yofewa. Ukawafunse ahedi ngati angalole, ndipo undipezere khasu."

Ahedi ndinawafunsa tsiku lomwelo, belu loyamba lisanalire, ndipo anati tchirelo linkangosunga njoka. Khasu ndinakagula Loweruka pamsika wa Nsaru, ndinasankha lodula kuposa onse. Bambo analilandira ndi manja awiri, analiyeza kulemera, nati mpini wake ndi wa anthu osalima. Anaugulula pomwepo, natenga chikwanje kupita kukafuna mtengo woti aseme wawo.